Jakisoni wa ku sikelo ndi mwana amene ali m'mimba

Mayi woyembekezera akayamba sikelo, kaya ndi pa chipatala cha pa boma la Mchinji, ku Kapiri, ku Mkanda kapena ku Guillime, zomwe amamuchitira n'zofanana. Amamuyeza kulemera ndi kuthamanga kwa magazi, amamutenga magazi pang'ono kuti aone za HIV ndi chindoko, amamupatsa mapiritsi owonjezera magazi ndi neti, kenako namwino amamuuza kuti apinde mkono wa bulauzi. Pa zonsezi, jakisoni wa paphewa uja ndiye amadzutsa mafunso. Piritsi munthu amaliona, akafuna amalilavula. Koma chimene chalowa m'mnofu chalowa basi, ndipo mayi amabwerera kunyumba akudzifunsa kuti chikafika kwa mwana chikamuchita chiyani.

Yankho lake ndi ili: katemera ameneyu alibe kachilombo koti n'kukafika kwa mwana. Chimene chimamufika ndi chitetezo chomwe thupi la mayi lapanga litalandira katemerayo. Kuti zimenezi zimveke bwino, tiyenera kuyamba ndi matenda amene jakisoniyu akulimbana nawo, chifukwa achinyamata ambiri a lero sanawaonepo.

Kafumbata wa makanda

Tizilombo ta kafumbata, timene akatswiri amatitchula kuti Clostridium tetani, timakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'ndowe za ziweto. Tikasowa malo abwino timadzikulunga m'kachikhokho kolimba n'kugona kwa zaka zambiri, osaopa dzuwa kapena chilala. M'khola la mbuzi, m'munda wa mtedza, pabwalo lomwe timasesa m'mawa uliwonse, tilimo. Timadzuka tikalowa m'bala lopanda mpweya wokwanira, makamaka pomwe pali mnofu wakufa. Kachitsa ka mchombo wa khanda, kamene kakuuma ndi kufota, ndi malo oterowo ndendende.

Tikakhazikika, timatulutsa poizoni amene amatsata mitsempha ya ubongo n'kukatseka njira imene thupi limauzira minofu kuti imasuke. Minofu imangokoka, osasiya. Mwanayo amabadwa bwinobwino, amalira, amayamwa masiku awiri oyamba. Kenako, kawirikawiri pakati pa tsiku la 3 ndi la 14, amasiya kuyamwa. Si kuti sakufuna bere, koma nsagwada zauma. Nkhope imakwinyika, timanja timafumbata, n'chifukwa chake dzina lija, msana umapindika ngati uta, ndipo phokoso, kuwala kapena kungomukhudza kumamuyambitsa kukokana kwa thupi lonse. Akapanda kufika kuchipatala, pafupifupi ana onse otere amamwalira. Ngakhale kuchipatala komwe, popanda makina othandizira kupuma, opulumuka sachuluka.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa kafumbata ndi matenda ngati chikuku. Choyamba, sapatsirana, choncho munthu sangabisale kumbuyo kwa anzake obayitsa. Mudzi wonse ukhoza kubayitsa, koma mwana wa mayi mmodzi amene sanabayitse ali pachiswe chimodzimodzi. Chachiwiri, wodwala kafumbata n'kuchira sakhala ndi chitetezo, atha kudwalanso. Ndipo popeza dothi sitingalitenthe lonse, matendawa sadzatha ngati mmene inathera nthomba.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linayerekeza kuti mu 1988 makanda pafupifupi 787,000 anamwalira ndi kafumbata pa dziko lonse. Pofika 2018 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 25,000. Zinatsitsa ndi ziwiri: kuchirira pamalo aukhondo ndi jakisoni wa amayi uja.

Zimene zili m'kabotolo

Pa buku la kuchipatala amalemba kuti Td. Amayi achikulire amakumbukira TT kapena TTV, amene anali wa kafumbata yekha. Wa masiku ano anamuwonjezera kachigawo kakang'ono koteteza ku diphtheria, matenda a zilonda za kukhosi otseka mpweya, ndipo d wamng'onoyo akusonyeza kuti mlingo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa ana.

Popanga katemerayu, amaweta tizilomboto mu fakitale, amachotsamo poizoni wake, tizilombo eni ake n'kutaya. Poizoniyo amamuviika mu mankhwala otchedwa formaldehyde mpaka mphamvu yake yovulaza itatheratu, koma maonekedwe ake atatsala. Njirayi anaipeza Gaston Ramon wa ku France m'zaka za m'ma 1920. Zili ngati chikopa cha njoka: mwana mungamuphunzitsire kuti mbobo imaoneka chonchi, koma chikopacho sichiluma. Amawonjezamo mchere wochepa wa aluminiyamu umene umagwira katemerayo pamalo pomwe abaya kuti thupi limuone bwino, ndipo mchere umenewu ndi womwe umachititsa kuti phewa lipweteke. M'mabotolo a anthu khumi mumakhalanso kadontho ka mankhwala oletsa kuti tizilombo tina tisamere botolo likatsegulidwa. Zonse pamodzi, mayi amalandira theka la mililita, 0.5 ml, m'mnofu wa pamwamba pa mkono.

Mulibe chamoyo, ndiye palibe chimene chingaswane, kuyenda m'magazi n'kukadwalitsa mwana. Katemerayo amagwirira ntchito yake paphewa pomwepo ndi m'timwanabere ta m'khwapa.

Chimene chimawoloka nsengwa

Magazi a mayi ndi a mwana sasakanikirana. Amayandikana mu nsengwa, pomwe pali kakhungu kopyapyala kosankha choti chidutse. Mayi akabayidwa, thupi lake limapanga asilikali odziwa poizoni wa kafumbata, amene kuchipatala amati ma antibody. Mtundu umodzi wa asilikaliwa, wotchedwa IgG, nsengwa simangoulola kudutsa, imachita kuunyamula n'kukautula mbali ya mwana.

Ntchito yonyamulayi imayamba pang'onopang'ono cha m'sabata la 13, imakula m'miyezi itatu yomaliza, ndipo gawo lalikulu limawoloka m'masabata anayi otsiriza. Mwana wobadwa masiku atakwana nthawi zambiri amakhala ndi asilikaliwa ochuluka m'magazi kuposa mayi ake omwe. Pamenepa pakutuluka mfundo zingapo zofunika.

Thupi la mayi limafuna nthawi kuti lipange asilikali. N'chifukwa chake jakisoni womaliza ayenera kubayidwa kutatsala masabata osachepera awiri kuti mayi achire. Wobayitsa atafika kale ku chidikiro, matenda ali pafupi kuyamba, wadzithandiza yekha ndi mwana wotsatira, koma uyu ali m'mimbayu mwina sapindula mokwanira.

Mwana wobadwa masiku asanakwane amaphonya masabata omwe katundu wambiri amawoloka. Malawi ali m'gulu la mayiko amene ana ambiri amabadwa motero, choncho kuwerengera kuti "ndidzabayitsa mwezi wachisanu ndi chitatu" ndi kuchita juga. Mayi amene anali ndi asilikali ambiri kuyambira pachiyambi amamupatsa mwana wake kanthu ngakhale atabwera msanga.

Chinanso chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti nsengwa yodwala siwolotsa bwino. Malungo amakonda kubisala mu nsengwa ngakhale mayi asakumva kutentha thupi, ndipo kafukufuku wa mu Africa muno waonetsa kuti malungo otere, komanso HIV yosalandira mankhwala, zimatha kuchepetsa asilikali ofika kwa mwana. Ndiye Fansidar amene mayi amamwera pamaso pa namwino kuyambira mimba ikadutsa miyezi itatu, neti, ndi ma ARV kwa amene akumwa, zonsezi zikuthandizira jakisoni uja. Mayi amene ali ndi HIV amabayidwa Td mofanana ndi wina aliyense, ndipo iye ndiye sayenera kuphonya n'komwe.

Kawerengedwe ka majakisoni

Kwa mayi amene sanabayidwepo, kapena amene alibe umboni uliwonse, majakisoni ndi asanu pa moyo wake wobereka, osati asanu pa mimba iliyonse.

Woyamba amabayidwa tsiku loyamba la sikelo. Uyu amangodziwitsa thupi, payekha sateteza. Wachiwiri amabwera patapita masabata osachepera anayi, ndipo kuchokera apa mayi ndi ana amene angabereke ali otetezedwa kwa chaka chimodzi mpaka zitatu. Wachitatu ndi wa patapita miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa wachiwiri, ndipo amafikitsa chitetezo pa zaka zosachepera 5. Wachinayi, patapita chaka kuchokera pa wachitatu, amafikitsa pa zaka 10. Wachisanu, patapitanso chaka china, amakwanira zaka zonse zobereka.

Vuto limakhala pa wachitatu. Nthawi yake imakwana mayi atachira kale, maganizo onse ali pa sikelo ya mwana, ndipo palibe amene akumukumbutsa za mkono wake. Njira yosavuta ndi yoti popita ndi mwana kukabayitsa, mayi atengenso buku lake n'kufunsa mlangizi wa zaumoyo kuti, "Nanga ine wanga wachitatu ndi liti?" Td safuna kuti munthu akhale ndi pakati. Mtsikana wa zaka 15 amene sanakwatiwe atha kuyamba, ndipo ndi bwino kutero.

Mipata imene tatchulayi ndi yochepetsetsa, osati malire. Mayi amene anabayidwa kawiri mu 2019 n'kusiya sayambiranso pa woyamba. Thupi silinaiwale, wotsatira wake ndi wachitatu. Majakisoni a ubwana aja a pa ntchafu nawonso amawerengedwa ngati alembedwa, ndipo munthu amene anayambira ukhanda amafunika asanu ndi mmodzi onse pamodzi.

Koma zonsezi zimadalira buku. Kuno anthu amayendayenda: mateneti amasamuka esiteti fodya akagulitsidwa, mtsikana wa kwa Mkanda amakwatiwa ku Chipata n'kudzachirira kwawo, wina amayamba sikelo mbali ya Zambia n'kudzamalizira mbali ino ya Mwami. Buku likadyedwa ndi chiswe kapena kutsala kwa apongozi, namwino amakakamizika kuyamba pa woyamba, chifukwa kukhulupirira mawu a pakamwa n'kulakwitsa kungaphetse mwana. Jakisoni wowonjezera savulaza mwana, koma mayi amene wabayidwa kambirimbiri motsatizana phewa lake limatupa kwambiri, chifukwa asilikali ambiri amene ali nawo kale amaunjikana pamalopo. Khadi la ku Zambia ndi umboni wokwanira, musalisiye. Kujambula tsamba la katemera pa foni nakonso kumapulumutsa.

Ndipo pali mwambo wobisa mimba. Zifukwa zake n'zodziwika, mimba yaing'ono salengeza. Koma malangizo a masiku ano ndi oti mayi ayambe sikelo mimba isanadutse miyezi itatu ndipo aonedwe kasanu ndi katatu. Woyamba sikelo mwezi wachisanu ndi chitatu, ngati sanabayidwepo, nthawi ya majakisoni awiri otalikirana masabata anayi, kuonjezapo masabata awiri odikira, imakhala yothina kwambiri. Namwino si mudzi, chinsinsi amasunga.

Tikudziwa bwanji kuti mwana savulala

Katemerayu si wadzana. Mu 1961 madokotala ku New Guinea anaonetsa kuti ana a amayi obayidwa ali ndi pakati sankadwala kafumbata ngati anzawo. Mu 1966 zotsatira za kafukufuku wina wa ku Colombia zinaonetsa kuti mwa ana a amayi amene analandira majakisoni awiri kapena atatu, palibe amene anafa ndi kafumbata. Kuchokera nthawi imeneyo amayi mamiliyoni ochuluka abayidwa ali oyembekezera, ndipo ofufuza akayerekeza ana awo ndi a amayi osabayidwa, sapeza kuti kulumala, kupita padera kapena kubadwa msanga kwachuluka.

Komabe aliyense anamvapo za mayi amene anabayidwa Lachiwiri, Lachisanu n'kupita padera. Nkhani zotere si mabodza, ndipo kumuuza mayi wotere kuti "zangochitika" sikumutonthoza. Koma taganizani motere. Mwa mimba 100 zilizonse zodziwika, 10 mpaka 15 zimachoka zokha, zambiri mwa izo m'miyezi itatu yoyamba, kawirikawiri chifukwa mwanayo sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi. Zinali choncho katemera asanabwere. Tsopano ngati pafupifupi mayi aliyense woyembekezera m'boma lonse amabayidwa, sizingalephereke kuti ena mwa opita padera akhale atabayidwa sabata yomweyo, monga momwe ena a iwo amakhala atapita kumsika wa Kamwendo sabata yomweyo. Chimene chingaloze katemera chala ndi kupeza kuti obayidwa akupita padera kuposa osabayidwa. Ofufuza amafunafuna zimenezo, ndipo pa Td sanazipeze. Zimene zimachotsadi mimba kuno n'zodziwika: malungo, chindoko, kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi, ndi mankhwala azitsamba oyambitsa matenda nthawi isanakwane.

Mphekesera yoti jakisoniyu ndi wolera mobisa inamveka kwambiri ku Kenya mu 2014, ndipo WHO ndi UNICEF anaitsutsa. Kuno umboni uli pakhomo: amayi amene anamaliza majakisoni onse asanu ndi omwewo ali ndi ana asanu, asanu ndi mmodzi. Ofunsa kuti n'chifukwa chiyani amabaya akazi okha aiwala kuti mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi, amalandira katemera wa kafumbata yemweyu katatu ali khanda. Bambo wodzitema ndi khasu nayenso amabayidwa. Amayi amawatsatira kwambiri chifukwa ndi njira yokhayo yofikira mwana asanabadwe.

Zimene zimachitikadi, ndi zimene zimalakwika

Phewa limapweteka, limafiira kapena kutupa pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ena amamva kuphwanya m'thupi ndi kutentha pang'ono. Kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira kamathandiza, ndipo panado ndi wololedwa kwa woyembekezera. Brufen ndi aspirin musamwe pokhapokha dokotala atanena. Musatikite ndi mankhwala kapena kutemera pamalopo. Amene ali ndi ntchito ya khasu kapena yosinja apereke mkono umene sagwiritsa ntchito kwambiri.

Kutentha thupi kwambiri, kapena kopitirira masiku awiri, musakuike pa katemera. Kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Mayi wina amakhala pakhomo akuti "ndi jakisoni uja" pamene malungo akudya nsengwa.

Choopsa chenicheni ndi thupi kukana katemerayo mwadzidzidzi: zidzolo thupi lonse, kutupa milomo ndi nkhope, kubanika, chizungulire. Zimachitikira anthu owerengeka pa majakisoni miliyoni, ndipo zimayamba m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake mayi ayenera kukhala pa benchi mphindi 15 asananyamuke, pomwe pali jakisoni wa adrenaline wothetsa vutolo. Amene zinamuchitikirapo anene asanabayidwenso. Chimfine kapena kudwala pang'ono si chifukwa chobwezera mayi, koma wodwala kwambiri amayamba wapeza bwino.

Zolakwika zambiri sizichokera m'katemera, zimachokera m'kasamalidwe. Td amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Anthu amaopa kutentha, koma mdani wamkulu wa katemerayu ndi kuzizira kopitirira. Akaundana, mchere wa aluminiyamu uja umagwirana timibulu, ndipo ngakhale asungunuke, mphamvu yake yachepa osabwereranso. Zimachitika botolo likagunda khoma la firiji, kapena mlangizi akaika mabotolo m'kabokosi konyamulira pamodzi ndi ayezi wongotuluka kumene mu firiza. Ayeziyo amayenera kuyamba wakhala panja mpaka madzi amveke kukhuchuka mkati mwake. Pokayikira pali njira yoyesera: amatenga botolo lina la mtundu womwewo, amaliumitsa dala n'kulisungunula, amakhutchumula onse awiri n'kuwaimika pamodzi. Lokayikitsalo likadikha msanga ngati loumitsidwa dala lija, latha ntchito. Kuopsa kwa katemera woundana n'kwakuti mayi amabayidwa, m'buku amalemba, aliyense amakhutira, koma chitetezo n'chochepa.

Za kutentha, pa botolo pamakhala kachizindikiro ka bokosi loyera mkati mwa bwalo lodera. Kabokosiko kakada kufanana ndi bwalolo kapena kuposa, botolo limatayidwa. Botolo lotsegulidwa litha kugwira ntchito mpaka masiku 28 ngati lasungidwa bwino ndipo tsiku lotsegulira linalembedwa. Asanakoke, wobaya amakhutchumula botolo kuti zisakanikirane, ndipo singano imakhala yatsopano, yotsegulidwa mayi akuona, ya mtundu wodzitseka wokha ikagwira ntchito kamodzi. Jakisoni wobayidwa pamwamba, osafika m'mnofu, amasiya chotupa cholimba. Chotupa chotentha, chokula, chokhala ndi mafinya ndi chizindikiro cha ukhondo wosakwanira, ndipo chiyenera kuonedwa kuchipatala. Vuto lililonse lotere likanenedwa limalembedwa pa fomu yake n'kutumizidwa ku ofesi ya zaumoyo ya boma mpaka ku Unduna wa Zaumoyo ndi ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Kusanena ndi kumene kumabisa botolo loipa.

Akatemera ena

Si katemera aliyense amene amabayidwa kwa woyembekezera. Malire ake ndi akuti kodi muli kachilombo kamoyo kapena ayi. Wa chikuku ndi rubella, amene Malawi anayamba kupereka mu 2017, ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, choncho saperekedwa kwa mayi wapakati, ndipo wolandira amalangizidwa kudikira mwezi asanatenge mimba. Kumeneku n'kusamala chabe. Amayi zikwi zingapo, makamaka pa makampeni a ku South America, anabayidwa asakudziwa kuti ali ndi pakati, anawatsatira mpaka kuchira, ndipo ana awo sanabadwe ndi zilema zimene matenda a rubella enieniwo amabweretsa, monga kusamva, ng'ala ndi vuto la mtima. Mayi amene zamuchitikira auze namwino, koma si chifukwa chochotsera mimba. Wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene atsikana anayamba kulandira m'dziko lonse mu 2019, alibe chamoyo, koma amadikira kuti mayi achire chifukwa palibe changu chake.

Wa kolera wakumwa uja ndi wa tizilombo takufa, ndipo umboni wina wofunika wa chitetezo chake unachokera kuno kwathu. Pa kampeni ya 2015 ofufuza anatsatira amayi oyembekezera a ku Nsanje amene anamwa katemerayo n'kuwayerekeza ndi a ku Chikwawa amene sanamwe, ndipo sanapeze kusiyana kodetsa nkhawa pa kutaya mimba. Kolera mwini wake ndiye amapha mwana m'mimba, chifukwa mayi akatha madzi magazi opita ku nsengwa amachepa. Aliyense amene anaona mliri wa 2022 mpaka 2023 akudziwa liwiro lake.

Mayi woyembekezera akalumidwa ndi galu wokayikitsa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo alandire katemera wa chiwewe. Mimba si choletsa. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Wa COVID-19 nayenso WHO inavomereza kuti oyembekezera alandire, popeza matendawo ankawagwira mwamphamvu ndi kuwachititsa kubereka msanga.

M'mayiko ena njira yomweyi yodutsira kwa mayi akuigwiritsa ntchito pa matenda ena. Ku Britain, mu 2012, chaka chimene makanda 14 anamwalira ndi chifuwa chokoka mtima, anayamba kubaya amayi oyembekezera, ndipo ana a amayi obayidwa anatetezedwa pafupifupi 9 mwa 10 alionse m'miyezi yoyamba. Waposachedwa ndi wa RSV, kachilombo kamene kamayambitsa chibayo mwa makanda, ndipo nkhani yake ikuonetsa mmene ulonda woyang'anira akatemera umagwirira ntchito. Makampani awiri ankayesa akatemera awo. A GSK anaimitsa kafukufuku wawo mu 2022 ataona kuti ana obadwa msanga achulukirapo mbali ya obayidwa, ndipo katemerayo sanaperekedwe kwa amayi oyembekezera. Wa Pfizer anavomerezedwa ku America mu 2023, koma mosamala anauika pa masabata 32 mpaka 36. Kusiyana kochepa kokha kunakwanira kuimitsa katemera wa ndalama zankhaninkhani. Katemera wa kafumbata wa amayi oyembekezera wakhala pansi pa maso otere kwa zaka zoposa 60.

Mwana akabadwa

Chitetezo chochokera kwa mayi ndi chobwereka. Mwana sapanga china cholowa m'malo, ndipo chimachepa ndi theka pafupifupi mwezi uliwonse. Ntchito yake ndi kumuwolotsa masabata oyamba mpaka ayambe kupanga chake. Akangobadwa amalandira BCG, woteteza ku TB, ndi madontho a poliyo, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14 amabayidwa wa pa ntchafu wophatikiza matenda asanu, momwe muli kafumbata, diphtheria ndi chifuwa chokoka mtima. Mayi asaganize kuti poti iye anabayidwa, mwana atha kuchedwerako. Wa chikuku amadikira miyezi 9 pa chifukwa chokhudzana ndi nkhani yomweyi: asilikali a mayi akadali ambiri amagwira kachilombo kofooka ka m'katemerayo thupi la mwana lisanaphunzire kanthu. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa, uli ndi asilikali a mtundu wina oteteza m'matumbo ndi kukhosi, ndipo mwana ayenera kuuyamwa mu ola loyamba.

Katemera sachotsa kufunika kosamala mchombo, chifukwa kupatula kafumbata pali tizilombo tina tolowera pomwepo timene Td satidziwa. Ngati matenda ayambira panjira kapena pakhomo, wothandiza asambe m'manja ndi sopo, mayi agone pa nsalu kapena pepala la pulasitiki loyera, chingwe chimangidwe ndi ulusi wowiritsa n'kudulidwa ndi lezala latsopano lochokera m'pepala lake, ndipo onse awiri apite kuchipatala tsiku lomwelo. M'chikuta ndi mmene mumalakwika zambiri, chifukwa agogo amafuna mchombo ugwe msanga kuti mwana atuluke. Phulusa, mwaye, dothi, mafuta, madzi a masamba kapena ndowe zisafike pamenepo. Chololedwa ndi mankhwala a chlorhexidine ngati achipatala apereka, opaka pa mchombo pokha, osayandikitsa m'maso. Thewera limangidwe m'munsi kuti kachitsako kazipitidwa mphepo. Kamagwa kokha, kawirikawiri pakati pa sabata imodzi ndi awiri, ndipo kuchedwa pang'ono si matenda.

Mwana amene ankayamwa bwino n'kusiya, amene akuuma thupi kapena kukokana, amene watentha kapena kuzizira, amene akupuma mothamanga, kapena amene mchombo wake wafiira mozungulira, ukununkha kapena kutuluka mafinya, asagone pakhomo kudikira kuche. Ngati akuuma thupi, mufunditseni bwino, mutchingireni kuwala, musamugwedeze kapena kumukakamiza kumwa kanthu chifukwa angatsamwe, ndipo ponyamuka tengani mabuku onse awiri, la mwana ndi la mayi.